Shelefu ya Mayi Thornley

Lachinayi m'mawa Lenifa anafika kuntchito kwake ku Greenbelt n'kupeza makatoni ali mbwee pabalaza. Michael, mwana wa Mayi Thornley, anali atagwada patsogolo pa shelefu, akulonga mabuku a amayi ake ngati akusanja njerwa.

Lenifa anali atasamalira gogo wachizunguyu zaka zinayi, kuwasambitsa, kuwadyetsa, kuwatembenuza pabedi. Zoti Loweruka akuwapititsa kunyumba yosungirako okalamba ankazidziwa, ndipo sanatsutse, poti msana wake nawo unali utayamba kudandaula. Koma za mabuku palibe anamuuza.

Michael anafotokoza kuti kuchipinda chatsopanocho kuli kashelefu kamodzi, kokwana mabuku asanu basi. Otsalawo akawasiya kusitolo ya zinthu zakale. Asanuwo anali atasankha kale, oyera bwino, osapindika, chidindo chagolide chili waliwali pachikuto.

Sukulu Lenifa analekeza Sitandade 4. Chingerezi cholankhula anachitola m'mabasi a ku Hyattsville ndi m'makhitchini a eni ake, koma cholemba chinamukana. Ngakhale zinali choncho, mabuku awa ankawadziwa kuposa mwana wa mwini wake. Mayi Thornley ali mtsikana ankagwira ntchito mulaibulale ku Mangalande, ndipo chaka ndi chaka ankagula buku la ana limene wojambula zithunzi zake walandira mendulo. Atatsatira amuna awo kuno ku Greenbelt sanaleke, ankachita kuitanitsa, mpaka mabukuwo anapitirira makumi asanu ndi limodzi. Akalekale anali a timizere ta inki, mitundu iwiri yokha, ngati utoto ankagula ndi supuni. Apakatikati utoto unachita kutayikira, owala ngati zitenje za pa Khirisimasi. Aposachedwa ena anali odula mapepala n'kumata, ena amdima moti Lenifa ankadabwa kuti ndi mwana wa ndani angagone ataona zimenezo.

Tsono mutu wa gogoyo unali utabalalika. Mawu anawathawa, ngakhale dzina la mwana wawo. Chimene chinatsala ndi zithunzi. Akakana kusamba, Lenifa ankawatsegulira buku la ana osambitsa galu m'bafa, n'kuwavula juzi maso awo ali pagaluyo. Akatseka pakamwa pa chakudya, linalipo la mayi wokwera basi ndi tsekwe kukhwapa. Popanda mabuku amenewo gogoyo akanangofota ndi njala, anamwino n'kumati ndi ukalamba.

"Bambo Michael, asanu mwasankhawa ndi oyera chifukwa amayi anu sawafuna. Buku lokondedwa limada."

Michael anayankha mofatsa kuti amenewo ndiwo abwino kwambiri, akatswiri anatero. Lenifa anati akatswiriwo abwere adzawadyetse. Anafuna kuti mabuku onse apite ndi gogoyo kunyumba ya okalambayo. Michael anaseka mwaulemu n'kunena kuti lamulo si lake, ndi la kumeneko. Lenifa, amene analera ana anayi ndi kaunjika wa mumsika wa Limbe, anadziwa kuti munthu akayamba kunamizira lamulo ndiye kuti wayamba kufewa. Anasiya nkhaniyo n'kupita kukatenthetsa supu.

Itakwana nthawi ya nkhomaliro anamupatsa Michael mbale ndi supuni, n'kumuuza kuti atenge limodzi mwa mabuku ake oyerawo. Mwamunayo anakhala pafupi ndi amayi ake n'kuyamba kuwerenga mokweza, mawu onse, akutembenuza masamba ngati akufuna nambala ya foni. Gogoyo anatembenukira kukhoma. Supuni itayandikira anaikankha, supu n'kukhuthukira pathalauza la mwana wawo. Makutu a Michael anangoti psuu.

Lenifa anamumvera chisoni, koma nthawi yomunyengerera analibe. Anavundukula katoni yachiwiri n'kutulutsa la tsekwe lija, chikuto chomata ndi tepi, m'makona mwakuda ndi zala.

"Musawerenge. Mawu awasiya kale. Tsegulani, mudikire. Chala chawo chikachoka patsamba, ndiye mutembenuze."

Michael anatsegula. Panapita nthawi gogoyo asanacheuke, kenaka chala chawo chinabwera n'kukagwa pamlomo wa tsekwe. Chinayenda pang'onopang'ono mpaka pachipewa cha kondakitala, n'kubwerera. Michael anafuna kutembenuza, Lenifa anamumenya padzanja ngati mwana woba ndiwo. Patsamba lachitatu pakamwa panatseguka pokha. Mbale inatha.

Atawagoneka, nkhani inayambiranso, koma tsopano Michael ndiye ankafunsa. Anafuna kudziwa kuti ofunika kwenikweni ndi angati. Lenifa anati onse, chifukwa buku limodzi likakhalitsa gogoyo amatopa nalo, pamafunika kusintha. Michael anati akawapempha akumeneko alole khumi. Lenifa anati khumi a pashelefu wavomera, koma otsalawo asapite kusitolo. Akakhale mugalaja ya Michael ku Germantown, Michael yemweyo azikasintha Lamulungu lililonse.

Michael anayamba za ntchito, za kutalika kwa msewu, n'kunena kuti mwina kamodzi pamwezi.

"Pamwezi? Mukawapeza atauma ngati usipa. Sabata iliyonse."

"Sabata ziwiri zilizonse, Lenifa. Zoposa apo ndikunamizani."

Lenifa anamuyang'ana kumaso. Anaona kuti apa munthuyu wafika pamapeto ake enieni, ndipo kukoka kwambiri chingwe chikanaduka. Anavomera, koma anawonjeza kuti akapita asakangosiya mabuku pakhomo ngati wa positi. Akakhale pansi, akawadyetse yekha.

Panatsala vuto la anamwino, amene sakanadziwa kuti buku liti ndi la chiyani. Michael anatenga timapepala tomata ndi cholembera, Lenifa n'kukhala pampando wa gogoyo akutulutsa mabuku limodzilimodzi. Ili n'losambira. Ili n'lomwera mankhwala, koma tsamba la nkhandwe azilidumpha, limawaliza. Ili n'la tsiku la mvula. Michael ankalemba atagwada, osafunsa kawiri. Pofika madzulo anali atamata pa mabuku makumi anayi, ndipo anaimba foni kuntchito kuti mawa sabwera, atsirize otsalawo.