Mkono wa Juzi ya a Luka

Katundu wa alongo anga a Luka anafika titaika kale maliro: chikwama, bulangete ndi kagalu. Anabweretsa ndi a Matiyasi, anzawo amene ankayendetsa nawo mathiraki odutsa pachipata cha m'malire cha Mwami. Anatula, anapepesa, anapita. Kagalu kanatsala kataima pabwalo, kakunjenjemera.

Kanalibe ubweya. Khungu lotuwa, losalala, timatsitsi pamutu ndi kumchira basi. A Luka anakapeza ku Joni, nkukatcha Dizilo, ndipo kankagona nawo m'thiraki. Pa Khirisimasi atabwera nako kuno ku Chiparamba anandionetsa kasamalidwe kake. Kukasambitsa ndi madzi ofunda, kukadzoza mafuta, osakasiya padzuwa chifukwa kamapsa, kukazizira kukaveka. Ndinkaseka nthawi imeneyo.

Pamaliro sindinalire. Ndinayesa, koma m'maso munali mouma. Ndinkangotunga madzi ndi kutsuka mbale, kagalu kali pambuyo panga.

Tsiku lometa, m'mawa, akuluakulu anagawa zovala za malemu. Amalume a Paison, alongo awo a amayi, anapatsidwa juzi yofiira, anaiika pampando. Kenako anaona Dizilo.

“Galu wa mphere uyu,” anatero. “Apatsira ana. Timupake oyilo wakuda wa kuchigayo, zikakanika tikamutaye kudambo.”

“Si mphere, amalume. Anabadwa choncho.”

“Ati chiyani Edita? Giredi 12 yonse ija mawu unasiya m'kalasi?”

Anthu anaseka pang'ono, kenako anakumbukira kuti ndi pasiwa. Ndinabwereza, koma palibe amene anamva. Azakhali anandiitana kuseri kwa nyumba kuti ndikametedwe. Ndinakhala pansi, tsitsi likugwera pachitenje. Ndinkaliona ngati la munthu wina.

Nditadzuka ndinakapeza Dizilo kuseri kwa nkhokwe. Kanali bii thupi lonse, oyilo akudontha m'makutu. Kankadzinyambita, ndipo pambali pake panali masanzi akuda. Sindinakwiye. Sindinamve kalikonse. Manja okha ndi amene anayamba ntchito. Ndinakapaka mafuta ophikira kuti oyilo asungunuke, ndinakapukuta ndi kansalu, kenako sopo ndi madzi ofunda. Ndinasintha madzi mpaka m'chidebe munatha. Khungu linatuluka lofiira, lotupa m'khwapa. Mwezi wa Juni kuno mphepo si yamasewera, ndipo kagaluko kanali kozizira m'manja mwanga ngati nsomba.

“Iwe, ukuchotsa mankhwala?”

Anali amalume, ataima ndi chingwe cha mbuzi.

“Ngati sukufuna achire, bweretsa kuno ndikathane naye.”

Sindinakapereke. Ndinangokhala chomwecho pansi, mutu wopanda tsitsi, kagalu pachifuwa, ndikuyang'ana nsapato zawo. Chala chimodzi chinkaonekera.

Amayi anali asanalankhule chifikireni uthenga wa ngozi. Ankangokhala pamphasa atatsamira khoma. Ndiye titawaona akubwera, juzi yofiira ija kudzanja lina, sizasi kudzanja lina, amalume anabisa chingwe kumbuyo.

“Achimwene, msiyeni mwana,” anatero amayi. Mawu awo anali osasa. “Luka ankagona nako m'bulangete limodzi. Thupi lake munasambitsa ndinu. Mphere munaziona?”

Amayi anakhala pansi pafupi nane, anayeza mkono wa juzi pamsana wa Dizilo, nkudula.

“Mlongo! Juzi imeneyo si yanga ija?”

“Mkono wina watsala.”

Anaboola mabowo awiri a miyendo yakutsogolo. Tinakalowetsa mutu ngati tikuveka khanda. Amalume anatola juzi yawo, anaitembenuza uku ndi uku, anaiika m'khwapa nkupita.

Tsiku lonse kanakana kudya. Ndinakamwetsa madzi ndi supuni, ena kankabweza. Ndinkaganiza kuti kakafa ndikumba pati, pansi pa mango kapena kumunda wa mtedza. Ndinkaganiza zimenezo ngati ndikuganiza za nkhuni.

M'mawa mwake kananyambita phala pachala changa. Kenako pambale.

Ndinakavula kamkono kaja, ndinatsegula botolo la mafuta limene linali m'chikwama cha a Luka. Munali mudakali mzere wa chala chawo. Ndinatapa m'mbali, mzerewo osaukhudza. Ndinadzoza Dizilo pamsana, m'khwapa, m'makutu. Otsala m'manja ndinadzipaka pamutu, poti dzuwa linali litayamba kundiotcha.

Amayi anali pamphasa paja. Anachotsa duku, anaweramitsa mutu wawo wometa. Ndinatapanso.