Ufulu Wosadziwa

Kwawo ankamutchula kuti Adokotala, ngakhale sanabayepo munthu jakisoni. Atatenga digiri yachitatu mayi ake anapumira m'mwamba poganiza kuti sukulu yatha, koma iye anakalowanso maphunziro ena, a anthu amene anamaliza kale kuphunzira. Kumeneko ankaphunzira zoyenera ndi zosayenera pofufuza zimene anthu amatengera kumtundu. M'chipinda chokhala ndi tebulo lalitali ndi ketulo yodontha, ankaswera kukangana ngati n'kololeka kuuza munthu zimene magazi ake anena. Adokotala anatchuka ndi mutu umodzi, ufulu wosadziwa, ndipo akauyamba tiyi ankazizirira m'makapu.

Mutuwo sanautole m'buku. Iye anabadwa mapasa, ofanana mpaka aphunzitsi ankakwapula wosalakwa. Mnzake wobadwa naye anali telala, ndipo poti ndiye anayamba kutuluka, ankaumirira kutchedwa achimwene. Bambo awo anamwalira ndi matenda akumtundu, aja oyamba ndi kunjenjemera kwa manja kenako n'kulanda nzeru. Mwana akhoza kutengera kapena kupulumuka, koma kwa mapasa ofanana chonchi, yankho la mmodzi ndi la onse awiri.

Telala anali atatomera namwino wina, ukwati uli pafupi. Komabe singano ikangomupulumuka, ankakhala duu, akuyang'ana zala zake.

Adokotala anaganiza zokayezetsa. Monga munthu wophunzira, anayamba wapita kushopu ya mkulu wake kukapempha chilolezo.

"Achimwene, magazi angawa ndi anunso. Ndikayezetse?"

"Kayezetse, thupi ndi lako," anatero telala, mapini ali pakamwa. "Koma zimene ukamveko usandiuze. Wamva?"

"Umenewo ndi ufulu wanu," anayankha Adokotala, akusangalala kuti zam'kalasi zija zapezeka pakhomo.

Zotsatira zinatuluka: matenda mulibe. Anakadzitsekera m'chimbudzi cha kuntchito n'kulira ndi chimwemwe. Atatulutsa foni kuti aimbire mkulu wake, maphunziro anamugwira dzanja. Munthu ananena kuti usandiuze. Nanga uthenga wabwino si uthenganso?

Nkhaniyo anapita nayo kutebulo lalitali, atabisa mayina. Apulofesa, mayi woyang'ana anthu pamwamba pa magalasi, anaikonda kwambiri. Anaikambirana mpaka mabisiketi anatha, n'kugwirizana kuti njofunika kuiganizira mofatsa, ndipo anapempha Adokotala kuti ailembe bwinobwino. Msonkhano wotsatira unalephereka chifukwa apulofesa anali atapita kumsonkhano wina.

Podikira, Adokotala anaphunzira kuvala nkhope yosanena kanthu, ndipo ankaiyeserera pagalasi pometa ndevu. Akakumana kwa mayi awo, iye sankaseka, sankakwinya, ndipo telala akamuyang'ana, Adokotala ankagwetsa maso m'mbale. Anasiya kuimba mluzu. Kenako anasiya kudutsira kushopu, kuopa kuti chimwemwe chingamuwulule. Kunena zoona, palibe munthu amene anasungapo chinsinsi mwaluso chotere, ndipo iye ankadzinyadira.

Tsiku lina mayi ake anamuimbira. "Bwera udzamve za mkulu wako. Wathetsa ukwati."

Anamupeza telala akusosola suti yake ya ukwati, mkono umodzi wa sutiyo uli kale patebulo, tiulusi tili mbwee pansi.

"Achimwene, mwatani?"

"Ndamumasula mwana wa eni ake. Odwala amawasamala kale kuntchito, akawapezenso kunyumba? Unaona wekha mmene anavutikira amayi, kuwadyetsa bambo ndi sipuni."

"Wavomera?"

"Akanavomera amene uja? Ndamuuza kuti ndili ndi mkazi wina, ndi mwana yemwe. Walira, wapempha kuti amusamutse ntchito, wapita. Sadzafunanso kumva dzina langa."

Adokotala anakhala pansi, pampando wa makasitomala. "Koma wakuuzani ndani kuti mukudwala?"

"Iwe."

"Ine sindinanene kanthu."

"Eya, sunanene kanthu." Telala anadula ulusi ndi mano. "Iwe ndakhala nawe kuyambira m'mimba. Ukapeza sokosi imene inasowa umandiimbira foni. Zikanakhala kuti zili bwino, ukanatha kukhala chete nthawi yonseyi? Ndi nkhope yamaliro imene ija?"

Adokotala anamva chisoni chimene sichinali pamutu uliwonse wa maphunziro ake. Anatsegula pakamwa, mawu ali kale pa lilime.

Telala anakweza dzanja, sizasi ili m'zala. "Usandiuze, mphwanga. Tinapangana. Wandisungira bwino ufulu wanga, usauwononge lero."

Dzanjalo linali m'mwamba, pakati pa awiriwo, ndipo silinkanjenjemera ngakhale pang'ono.