Zimitsani Kaye Musanazule Waya

Ampulifaya yathu yokuzira mawu amuna anga anaipanga ndi manja awo, asanafe ziwalo mbali imodzi. Ili ndi machubu agalasi amene amayaka ngati makala ikatentha, ndipo mphamvu yake ndi mawati asanu ndi atatu basi. Chidwalireni iwo salankhula. Mawu awo anatsala pa kaseti imodzi imene tinajambula akutsogolera kwaya, ndipo m'mawa uliwonse tikatha kupemphera ndinkawaikira imeneyo. Kenako makoswe anadya mapepala a masipika athu onse awiri. Nyumba inangoti zii milungu itatu.

Loweruka masana pabalaza panafika masipika amitundu iwiri kuti tisankhe. Alamu anga, mng'ono wawo wa abambowa, anabweretsa atsopano, akuda, onyezimira, aang'ono koma olemera. Amisiri okonza mawailesi a mumsewu mwathu anakankha pa wilibala mabokosi awiri athabwa, aakulu, okalikakalika.

"Amisiri, awa ndi masipika kapena mabokosi a maliro?" anaseka alamu.

Ananena zimenezo pamaso pa munthu wodwala. Ndinapempha Ambuye andigwirire lilime.

"Anuwo ndi adyera, bwana," anayankha amisiri. "Kuti atsegule pakamwa amafuna mphamvu yambiri. Angawa pepala lake ndi lopepuka, wati imodzi yokha amayamba kufuula. Ampulifaya ya machubu imafuna otere."

"Pa katoni alemba mawati mazana atatu! Simutha kuwerenga?"

"Amenewo ndi amene angawapirire osapsa. Sakunena za kukula kwa mawu."

Tinayamba ndi atsopanowo. Machubu atafiira ndinaika kaseti. Mawu a amuna anga anatuluka, koma ngati munthu akuimba atafunda bulangeti. Alamu anapotokola batani lokwezera mawu mpaka kumapeto. Mawu aja anayamba kusweka, kusasa, moti nyimbo yotamanda Mulungu inamveka ngati mkangano wa pamsika.

"Vuto ndi chiampulifaya chakalechi," anatero alamu. "Tayani, alamu, ndikubweretsereni yamakono."

Abambo anamenyetsa ndodo pansi kawiri.

"Chabwino, timve mabokosi anuwo," alamu anatero, n'kupita kuseri kwa tebulo.

Kumbuyo kwa ampulifaya kuli kapepala komata, kolembedwa ndi dzanja limene lero silingagwirenso cholembera: zimitsani kaye musanazule waya wa sipika. Ana athu onse anakula akulidziwa lamulo limeneli ngati lowonjezera pa malamulo khumi a Mulungu. Alamu sanawerenge. Nyimbo ili mkati, batani lili kumapeto, anazula waya wakumanzere.

Amuna anga anakuwa. Sanali mawu, kunali kubuula kochokera pansi pa chifuwa. Ndinadumpha mpando, n'kuzula pulagi pakhoma. Fungo la vanishi wopserera linali litadzaza kale pabalaza.

"Mayo ine," anatero amisiri atagwira mutu. "Mphamvu ikasowa kopita imabwerera n'kuotcha thiransifoma."

"Ndangozula waya basi," alamu anatero.

Apa lilime ndinalimasula.

"Mwangozula waya? Miyezi isanu ndi inayi akulu anu ali pampando umenewu, mwabwera kangati? Lero mwabwera ndi katoni yonyezimira kudzatiphunzitsa kuwerenga, pomwe kapepala ka mawu asanu ndi limodzi kakukanikani! Thiransifoma imeneyo akulu anuwa anaikulunga okha, waya umodziumodzi, ine nditawagwirira nyale. Akulunganso ndi dzanja liti? Lanu?"

"Alamu, pepani..."

"Musapepese ine. Eni ake ndi awo."

Alamu anayang'ana akulu awo, n'kugwetsa nkhope. Abambo sanawayang'ane. Maso awo anali pa machubu amene ankazima pang'onopang'ono.

Tinadikira mpaka chitsulo chitazizira. Amisiri anatsegula pansi, ananunkhiza, anayeza ndi mita yawo. "Mbali yakumanzere yapita," anatero. "Yakumanja tiyeni tione."

Analumikiza mabokosi awo onse awiri, pulagi isanalowe pakhoma, n'kubweza batani pansi penipeni. Ine ndinkapemphera chamumtima, koma linali pemphero la munthu wokwiya, losayenera kulinena m'kachisi.

Pulagi italowa, machubu atafiira, ndinaikanso kaseti, ndipo amisiri anakweza pang'ono chabe, mwina utali wa chikhadabo. Bokosi lakumanzere linakhala chete. Lakumanja linatsegula pakamwa, ndipo amuna anga analowa pabalaza ndi mawu awo onse, besi ija imene inkagwedeza mabenchi. Ndinamva ngakhale mpweya umene ankakoka asanayambe ndime yachiwiri. Pampando paja milomo yawo inayamba kutsatira, ndodo ikugunda pansi mogwirizana ndi nyimbo.

Alamu ananyamula masipika awo mwakachetechete. Pakhomo anaima.

"Ndibwere mawa tikaweruka ku tchalitchi?"

Ndikudziwa kuchuluka kwa nthawi zimene tinalamulidwa kukhululuka. Tsiku limenelo ndinali ndisanafike ndi pa kamodzi komwe.

"Bwerani," ndinatero. "Mudzawamete ndevu akulu anu. Koma kuseri kwa tebulo ilo musadzapondeko."