Theka la Mutu pa Gombe la West Bay

Nolvia anali atangotha masiku asanu ndi anayi ali ndi chiphaso pakhosi pamene anachita zimene amayi a pa gombe la West Bay akuzikambabe mpaka lero. Chiphasocho chinali cha mayi ake, a Marleny, amene analuka tsitsi la alendo a m'sitima zapamadzi kwa zaka makumi awiri mpaka nyamakazi inawapinda zala. Akuluakulu a padoko anavomera kusintha dzina ndi chithunzi, koma anamuuza mosapsatira kuti mlendo akadzangosiyidwa ndi sitima ali m'manja mwake, chiphaso chidzabwerera mu ofesi ndipo sichidzatulukanso. Kwawo ku Punta Gorda anthu asanu ankadya chifukwa cha kakhadi kameneko.

Paja amayi oluka ali ndi dongosolo lawo. Amakhala pamzere pansi pa mtengo waukulu, ndipo mlendo akabwera amapita kwa amene ali kutsogolo. Pamtengopo pali bolodi. M'mawa uliwonse Doña Idalia, mkulu wawo, amalembapo ndi choko sitima zimene zafika ndi nthawi imene iliyonse itseke khomo, powerengera wotchi yathu. Woluka asanagwire chipeso amafunsa kaye mlendo sitima yake, n'kuyang'ana pabolodi. Sitima zina sizisintha mawotchi zikafika kuno, zimayendera nthawi ya kwawo, imene ili patsogolo ndi ola lathunthu. Koma foni ya mlendo, ikangonunkhiza mpweya wa pachilumba, imadzisintha yokha mwini wake osadziwa.

Tsikulo Nolvia anali wachisanu ndi chiwiri pamzere, ndipo dzulo lake anali atabwerera kwawo osagwira mutu ngakhale umodzi. Masana akuchokera kogula baleada, kamkate kopinda ka nyemba, mzungu wina wathaulo labuluu anamuimitsa n'kuloza tsitsi lolukidwa la Nolvia.

"Ndikufuna zimenezo. Ting'onoting'ono choncho, mutu wonse, ndi mikanda. Ine ndine Darlene."

Tsitsi la mayiyo linali lofiira, lofika m'chiuno, lochuluka ngati la anthu awiri. Nolvia anacheukira kumtengo. Doña Idalia anali atapereka msana. Ndiye mtsikana uja, m'malo mopita naye kumzere, anamutsogolera kumapeto kwa gombe, kuseri kwa miyala yakuda kumene sungaonekere. Anamukhazika pamwala n'kuyamba msangamsanga. Za sitima sanafunse. Bolodi linali kutali, ndipo mtima wake unali pa kusagwidwa.

Darlene anali munthu wa nkhani. Anafotokoza za amuna ake amene anatsala m'sitima chifukwa dzuwa limawatupitsa nkhope, za mpongozi wake wosadziwa kuphika, za phwando la madzulo amenewo lomwe aliyense akajambulitse. Nolvia ankangoti eya, eya, zala zikuthamanga. Mbali yakumanja inatha. Atafika pakati pa mutu anaweramuka kuti awongole msana, ndipo m'pamene anazindikira kuti gombe lakhala zii.

Anakwera pamwala. Mipando imene inali yodzaza masana inali yopanda anthu. Anyamata a maambulera anali akupinda. Thaulo labuluu, chizindikiro cha alendo a sitima imodzi, silinkaonekanso paliponse, kupatula limene Darlene anakhalira.

Anatsika pamwala msangamsanga.

"Mayi, sitima yanu itseka khomo nthawi yanji?"

"4 koloko. Usadandaule, taona." Anamuonetsa foni. Inali 2:20.

"4 koloko ya ndani? Ya m'sitima kapena ya kuno?"

"Pali kusiyana?"

"Nyamukani, mayi. Chonde. M'sitima mwanu panopa ndi 3:20. Kudoko ndi ulendo wa theka la ola msewu ukakhala wabwino."

Darlene anagwira mbali yolukidwa, kenako mbali inayo imene inali itangoimirira ngati udzu wouma. Nkhope yake inasintha.

"Ayi. Zimenezi anatichenjeza. Mumayamba ntchito, n'kuisiyira panjira, munthu alipire yonse."

"Musandipatse kalikonse. Tiyeni basi."

"Ndikakwere sitima ndi theka la mutu? Foni yanga sinama. Maliza."

"Nanga pasipoti yanu ili kuti?"

"M'chipinda mwanga, m'sitima. Bwanji?"

Nolvia anasiya chipeso chili chobayika m'tsitsimo n'kuthamanga. Mchenga unkamugwira mapazi. Ankadziwa kumene akupita ndi zimene akanenedwe, koma panalibenso kwina.

Pamtengo amayi anali akulongedza mikanda m'mabotolo. Pabolodi panalembedwa bwinobwino: ya mataulo abuluu, 3 koloko. Doña Idalia anali pampando wawo wapulasitiki akudya mango ndi mchere.

"Taonani, abwana a kumiyala atikumbukira," anatero osadzutsa mutu. "Umayesa sitinakuone? Tsitsi lofiira lija limaoneka mpaka kumtunda."

"Doña, ndalakwa. Ndi wa ya buluu. Akukana kunyamuka."

Amayi onse anasiya zimene ankachita. Doña Idalia anayang'ana wotchi yapamkono.

"Unamufunsa usanayambe?"

"Ayi."

"Wafika pati?"

"Theka."

"Mwana wa Marleny," anatero pang'onopang'ono, akupukuta zala pa siketi. "Mayi ako anali ndi pakamwa ngati lumo, koma mlendo sanamusiyitsepo sitima." Anadzuka, n'kutenga botolo la mikanda ndi timphira. "Tsogola. Enanu musandiyang'ane ngati ndavala mutu wa nsomba."

Atafika kumiyala, Doña Idalia sanataye nthawi ndi kukambirana. Anatola chikwama cha Darlene ndi nsapato zake, n'kuyamba kulowera kumsewu.

"Chikwama chanu chikupita kusitima, mayi. Inuyo mukhoza kutsala ngati mwatikonda."

"Chikwama changa! Kodi mayi ameneyu ndani?"

"Ndi mkulu wathu," anatero Nolvia. "Tikumalizirani m'galimoto. Manja anayi."

Darlene anayang'ana gombe lopanda anthu lija koyamba. Anayang'ananso foni. Kenako anadzuka n'kuwatsatira, chipeso chikugwedera pamutu.

Kumsewu matakisi onse anali atapita ndi alendo. Panatsala imodzi yokha, ya Don Ovidio, imene alendo amaikana chifukwa chitseko chakumbuyo amachimanga ndi waya. Ndiye inu mudziwe kuti Don Ovidio anali amuna awo a Doña Idalia, mpaka tsiku limene anapezeka ku French Harbour akuthandiza mayi wina wogulitsa nsomba kunyamula beseni lopanda kanthu. Panali patatha zaka zisanu ndi chimodzi anthu awiriwa osapatsana moni.

Anali atagona pampando, chipewa kumaso. Doña Idalia anamenya denga la galimoto ndi nsapato ya mzungu.

"Dzuka. Coxen Hole, pageti la padoko, 3 koloko isanakwane."

Don Ovidio anachotsa chipewa, n'kuwayang'ana nthawi yaitali.

"Idalia. Ndimayesa unalumbira kuti udzakwera galimoto yanga uli m'bokosi."

"Ukapitiriza kuyankhula, m'bokosimo mulowa iwe. Liza chiphakasa chakochi."

Inalira kachitatu. Inali 2:36.

Anakhala atatu kumbuyo, Darlene pakati atapendekera kwa Doña Idalia. Zala za mayi aja, abale, Nolvia anali asanazionepo pafupi chonchi. Pansi ankaluka zikuluzikulu zoti zibisike, pamwamba ting'onoting'ono tofanana ndi mbali inayo. Nolvia ankalandira nsonga iliyonse, kulowetsa mikanda itatu, kumanga kamphira. Mikanda ina inkagwera pansi pa mpando.

"Zikupweteka," anatero Darlene.

"Kugona pabenchi la apolisi kudikira pasipoti kumapweteka kuposa pamenepa. Weramani," anatero Doña Idalia.

Pachitunda anapeza lole ya madzi ikukwera ngati ikupempha chikhululukiro. Msewu wake ndi wopapatiza, wokhotakhota, ndipo kutsogolo sikunkaoneka. Don Ovidio analiza hutala. Loleyo sinasunthe.

"Ipitirire," anatero Doña Idalia.

"Pakona? Ndili ndi ana, ine."

"Ana ako ndikuwadziwa, ndinabereka ndine. Akula. Ipitirire."

Anaipitirira. Njinga yamoto inatulukira kutsogolo n'kudzilowetsa m'tchire, mwini wake akutukwana agogo a aliyense. Darlene anatseka maso n'kuyamba kupemphera mokweza. Nolvia anayang'ana wotchi ya Doña Idalia pamene dzanja linkadutsa: 2:49.

Atatsikira ku Flowers Bay, nyanja inaonekera, ndipo sitima inali apo, yoyera, yaitali kuposa nyumba zonse za m'tauni. Inalira kamodzi, kulira kwake kuja kolowa m'mafupa.

"Ikunyamuka?" anafunsa Darlene, mawu atachepa. "Ikundisiya?"

"Ikuitana otsalira," anatero Nolvia, ngakhale sankadziwa ngati zinali zoona. Ankaganiza za mayi ake atakhala pakhonde, zala zili m'madzi ofunda, akudikira kumva kuti lero kwayenda bwanji.

Pamahampu a pasukulu Don Ovidio sanachepetse. Onse anagunda mitu kudenga, koma Doña Idalia sanataye chingwe cha tsitsi chimene anagwira. Polowa m'Coxen Hole anamanga chomaliza. Kuseri kwa khutu lakumanzere kunatsala kachigamba kosalukidwa, ndipo anangokapotokola n'kukalowetsa pansi pa zinzake.

"Mwatha. Musadziyang'ane pagalasi mpaka mutakwera."

Anafika pageti wotchi ili pa 3:02. Waya wa chitseko unakana kumasuka, moti Darlene anatulukira mbali ya Nolvia, kumuponda mwendo. Mlonda anaona khadi lake la m'sitima n'kuyankhula mu wailesi yake yam'manja.

"Pali mmodzi pageti, wamkazi. Thamangani, mayi, musayime m'masitolo."

Darlene anathamanga wopanda nsapato, mikanda ikulira kumsana. Nsapato zinatsala m'manja mwa Doña Idalia. Anakhota pakona ya sitolo ya mafuta onunkhira, osaonekanso. Kuchokera pageti mlatho wokwerera suoneka, ndipo chiphaso cha oluka sichilowetsa munthu mkati.

Mlonda uja anatsegula buku lake.

"Tsitsi limenelo ndi la lero. Anali m'manja mwa ndani?"

Doña Idalia anakoka mpweya ngati akufuna kuyankha. Nolvia anawatsogolera.

"Mwanga. Nolvia Güity."

"Vula."

Anavula chiphaso n'kuchiika patebulo. Mlonda analemba dzina, n'kuika cholembera pamwamba pa chiphasocho. Kenako onse anangoima. Don Ovidio anazimitsa galimoto n'kubwera kudzaima nawo, chipewa m'manja. Wailesi inkangopanga phokoso la mphepo. Pamwamba pa sitima alendo anali atatsamira zitsulo, ena akuimba m'manja, ena akujambula china chake pansi chimene apageti sankachiona.

"Akaombera m'manja choncho ndiye kuti munthu akuthamanga," anatero Don Ovidio.

"Kapena wagwa," anatero Doña Idalia.

Sitima inaliranso, nthawi ino katatu. Nolvia anagwira chitsulo cha geti. Chinali chotentha koma sanachisiye.

Wailesi inakhosomola. Mawu a mwamuna anatuluka, odukaduka, ndipo mlonda anaiika kukhutu. Anamvetsera, n'kufunsa kuti abwereze.

"Wakwera," anatero. "Akuti mlatho anali ataumasula kale mbali imodzi." Anadula mzere pa dzina lija n'kukankha chiphaso ndi cholembera. "Ndisadzakuonenso pano ukuthamangitsa mlendo."

Nolvia anasiya chitsulo cha geti. Anatambasula dzanja, koma la Doña Idalia linafika msanga. Anatenga chiphasocho, n'kukulunga chingwe chake, n'kuchilowetsa m'bulauzi.

"A padoko akubwezera. Ine sindinakubwezere. Mutu uja unali wa Dilcia, ndiye anali kutsogolo, ndipo ali ndi mwana m'chipatala. Mawa m'mawa udzayime pamtengo, udzanene wekha zimene wachita, pamaso pa onse. Dilcia akati utenge, udzatenga. Ukatenga, mwezi wonse uli kumapeto kwa mzere, ndipo bolodi uzilemba ndiwe."

"Chabwino, Doña."

"Ndipo mizere yako yakumanja ija ndi yokhota. Ndimachita manyazi kuilondola."

Nolvia anapukuta maso ndi kuseri kwa dzanja. Sitima inali itayamba kusiyana ndi doko, madzi akuwira kumbuyo kwake.

"Mundisiye pa basi ya ku Punta Gorda," anauza Don Ovidio. "Ndikufuna ndikawauze amayi ndekha, asanamve kwa anthu."

Doña Idalia anaseka koyamba tsiku limenelo, kuseka kwa m'mphuno.

"Wasiya amayi asanu ndi mmodzi pamtengo, aliyense ali ndi foni. Marleny wamva kale, mwana iwe. Panopa akungosankha mawu."