Ichi ndi Chiti, Aphunzitsi?

"Tikachotsa ichi apa n'kuchibweretsa uku, chotsala ndi ichi," anatero a Choko akugogoda bolodi. Dzinali anawapatsa ndi ophunzira a pakolejipo, chifukwa buluku lawo linkaweruka lili mbuu ndi choko.

Dzanja linakwera kutsogolo. Anali mtsikana wosaona amene anayamba teremu yomweyo, wa kamakina kolembera timadontho.

"Pepani aphunzitsi, ichi ndi chiti?"

Kanali kachisanu kufunsa m'mawa umenewo. A Choko anaponya choko patebulo n'kutuluka phunziro lili pakati. Anakapeza mayi woyang'anira dipatimenti akumwa tiyi muofesi.

"Mayi, zaka makumi awiri ndakhala ndikuphunzitsa masamu ndi chala. Lero ndiyambe kutchula kanambala kalikonse ngati ndikuulutsa mpira pawailesi? Silabasi idzatha liti? Anthu oterewa ali ndi akatswiri awo. Ine sindinaphunzire zimenezi."

"Kusemina ya kaphunzitsidwe ka osaona ija munapita."

"Ya masiku awiri ija? Tinangoonera zithunzi n'kudya mabisiketi."

"Ndiye mukufuna nditani?"

"Mumusamutse."

"Apite kuti? Mayeso olowera anakhoza ngati anzake. Akalephera masamu anuwo abwerera kwawo, malamulo mukuwadziwa. Kalata yomuchotsa mudzalemba nokha, mudzamuwerengera nokha."

A Choko anabwerera akung'ung'udza khonde lonse. Atalowa, phokoso la m'kalasi linati zii. Mtsikana uja anali chikhalire, zala zili pamakina.

"Chabwino," anatero mouma. "Mzere woyamba. Zitatu kuchulukitsa ndi nambala yosadziwika, kuphatikiza zisanu, zikukwana makumi awiri. Tichotse zisanu mbali zonse ziwiri. Wamva?"

"Ndamva, aphunzitsi."

Kamakina kanayamba kulira, iwo n'kumatchula mzere ndi mzere, nsidze zili pamodzi. Ali pasamu yachiwiri, bambo wina wandevu amene ankakhala kumbuyo anatsokomola.

"Aphunzitsi, muzitero kumene. Kumbuyo kuno bolodi limanyezimira ndi dzuwa. Chiyambireni chaka chatha ife timangomva 'ichi' ndi 'apa', n'kukakopera kwa anzathu."

Kalasi yonse inaseka. A Choko sanaseke.

"Chaka chathunthu, anthu akuluakulu, osanena?"

"Timakuopani."

Belu linalira atamaliza masamu awiri mwa asanu ndi imodzi amene anakonza. Anayang'ana buku lawo la mapulani, nalitseka mwamphamvu.

"Loweruka m'mawa mubwere nonse, timalize zotsalazi. Wodandaula akadandaule kwa amene anaika zenera pamenepo."

Ophunzira anatuluka akunyinyirika. Mtsikana uja ankalongedza makina ake pamene a Choko anaima patsogolo pake, natola pepala lake limodzi la timadontho. Analitembenuza uku ndi uku, nalipapasa ndi chala chodzaza choko. Sanatolepo kanthu.

"Iwe, mawa nthawi yopuma ubwere kuofesi. Udzandionetse mmene timadontho takoti timawerengedwera. Nanga mayeso ako ndidzachonga bwanji ine?"