Kamanda ka Makanda ku Kilvarra

Kutatsala masabata awiri kuti lifike Lamulungu lodalitsa manda, a komiti ya parishi ya Kilvarra anakumana mu holo itangotha Misa ya m'mawa. Anagawana ntchito monga mwa chaka chilichonse. Amuna atchetche udzu ndi kukonza mpanda wamiyala pomwe unagumuka, amayi aphike masikono ndi tiyi, pakuti tsikulo ana a m'mudzimo amabwera kuchokera ku Dublin, ku Mangalande, ena mpaka ku Amereka, kudzaima pamanda a makolo awo.

A Nuala Hession anakhala kumapeto kwa benchi, chikwama chili pamiyendo. Anali atachapa ndi kusita nsalu za paguwa kwa zaka makumi anayi, ndipo pamisonkhano yotereyi mawu awo sankapitirira "chabwino". Koma tsikuli anakweza dzanja. Apo n'kuti Bambo Cawley atayamba kale kusuzumira pawotchi, poti wansembeyo anali ndi maparishi atatu ndipo Misa ina inkawadikira kuseri kwa phiri.

"Abambo, mukatha kudalitsa kumanda, simungakwereko kumtunda kwa a Malachy?"

Panalibe amene sankadziwa chomwe chinali kumtunda kwa munda wa a Malachy Furey: kangodya kosalimidwa, kodzaza timiyala, pansi pa mtengo waminga. Kale khanda likamwalira lisanabatizidwe silinkaloledwa m'manda odalitsidwa. Ankakaliika kumeneko, popanda wansembe, popanda nyimbo. Mwambowo unatha kalekale, koma anthu ankadutsabe pamalopo nkhope atatembenuzira kwina.

Bambo Cawley anali mlendo, atakhala pa Kilvarra zaka zisanu ndi chimodzi zokha. Anafunsa motsitsa mawu: "Kuli ndani kumeneko, a Nuala?"

"Kuli wanga."

A Teasie Moran, mnzawo wotsuka naye makapu m'khitchini ya holoyo kuyambira ali akazi achitsikana, anaweramitsa mutu n'kuyamba kusewera ndi mphete yawo.

"Ndikwera," anatero wansembe. "Kaya kugwe matalala, ndikwera. Koma a Malachy mukawapemphe nokha. Ine akangoona galimoto yanga amathawira m'khola."

Anthu anaseka pang'ono, kuseka kofuna kupumira.

Zinachitika mu February wa 1967. Anali mwana wawo woyamba, wamwamuna, ndipo anabadwira m'nyumba atafa kale. Mzamba anamukulunga msangamsanga m'thaulo. "Musamuone, mwana wanga, mudzachira msanga," anatero. A Nuala anangoona kachidendene kokha. Amuna awo, a Dinny, anakhoma kabokosi, n'kutuluka nako kusanache bwino. Atabwerako anasamba m'manja, anapita kukakama ng'ombe. Patapita miyezi a Nuala anafunsa kamodzi kokha kuti anamuika pati. "Ali pabwino, Nuala. Zisiye," anayankha a Dinny. Anazisiyadi. A Dinny anamwalira zaka zisanu ndi zinayi zapitazo osabwereranso ku nkhaniyo.

Chaka chatha, pa Lamulungu lomwelo la manda, a Nuala ataima pa manda a amuna awo, madontho a madzi odalitsidwa akugwera pamaluwa, anadzutsa maso n'kuona mtengo waminga uja uli wokha pamtunda. Chaka chonse mtengowo sunawachoke m'maso.

Lachiwiri masana anavala jombo n'kulowera kwa a Malachy. Anawapeza akumanga chitseko cha khola ndi chingwe, galu atagona pafupi. A Malachy anali nkhalamba yosakwatira, yomwe inkaponda m'tchalitchi pamaliro pokha, ndipo ngakhale pamenepo inkangoima pakhomo.

"Taonani alendo! Mwabwera kudzanditembenuza mtima, a Nuala? Ansembe atatu analephera."

"Mtima wanu ndi nkhani ya inu ndi Mulungu. Ine ndabwerera munda."

"Ndamva kale. A positi anandiuza dzulo. Pano pa Kilvarra ukayetsemula ku holo, kuno akukuuza kale pepani."

A Malachy anapukuta manja pa buluku, natsogola. Anakwera pang'onopang'ono, akupumira panjira, pakuti onse awiri miyendo inali itatha. Pofika pamwamba a Nuala anaona chinthu chimene sankachiona ali kumsewu: kangodyako kanali kotchingidwa ndi waya, mitengo yake yatsopano.

"Ng'ombe sizilowamo," anatero a Malachy. "Bambo anga sankalola, inenso sindilola."

A Nuala anaima m'mphepete mwa waya. Timiyala tinali tambiri, mwina makumi asanu ndi limodzi, tina titamira m'udzu, tina titakutidwa ndi ndere. Panalibe cholembedwa ngakhale chimodzi.

"Vuto n'lakuti sindidziwa kuti wanga ndi uti."

A Malachy anavula kapu, anakweza waya kuti a Nuala alowe, n'kuwatsogolera kuseri kwa mtengo. Analoza ndi ndodo mwala woyera, wosalala, waukulu ngati buledi.

"Uwu. Dinny anadzagogoda pazenera langa m'mawa umenewo. Nthaka inali itauma gwa ndi chisanu, sakanatha yekha. Tinakumba tonse. Mwalawu anakautola kumtsinje, anabwera nawo m'jekete."

A Nuala anagwira nthambi, osamva kuti minga ikuwabaya.

"Ankabweranso?"

"Chaka chilichonse, pa 9 February. Ankati akudzabwereka fosholo. Zaka zoposa makumi anayi, a Nuala, munthu kubwereka fosholo mu February, pomwe ake anali nawo awiri m'nkhokwe. Ine ndinkangomupatsa. Ankakwera kuno, n'kukhala ngati theka la ola, n'kudzandibwezera ilibe ngakhale dothi."

A Nuala anakumbukira. Ankawaona amuna awo akutuluka, nthawi zina n'kuwakalipira kuti akuyenda m'mphepo popanda mpango. A Nuala nawonso tsiku limenelo ankalisunga m'njira yawo, kukolopa nyumba yonse mpaka manja kufiira. Choncho anali anthu awiri m'nyumba imodzi, olira maliro amodzi, wina kubisira mnzake. Mkwiyo unawagwira, wotentha ngati a Dinny akadali moyo n'kutha kuwakalipira.

"Nanga osandiuza bwanji?"

"Ankati mukadzadziwa malowa mudzangokhala konkuno, simudzatsikanso."

"Chitsiru cha mwamuna."

"Eya, anali chitsiru. Koma chinkakukondani."

"Nanga inu? Timakumana pa shopu sabata iliyonse!"

"Simunandifunse. Komanso sinali nkhani yanga."

A Nuala anafuna kugwada, maondo anakana. Anangowerama n'kuika chikhato pamwalapo. Unali wofunda ndi dzuwa. A Malachy anatembenuka n'kuyamba kuwerenga ng'ombe zawo, ngakhale zinali zisanu ndi ziwiri zokha.

Lamulungu lija kunacha ndi mvula yowaza. Kumanda kunadzaza anthu, magalimoto atandandalika mpaka pa mlatho. Bambo Cawley anayenda m'mizere yonse akuwaza madzi odalitsidwa, anthu akupemphera kolona. Zitatha, wansembe sanalengeze kalikonse. Anangonyamula kandowa kake n'kutuluka pachipata, kulunjika kumtunda. A Nuala anawatsatira. Ankaganiza kuti akhala atatu ndi a Malachy, mwina anayi.

Ali pakati pa chitunda anamva wina akupuma wefuwefu pambali pawo. Anali a Teasie, atatsamira ndodo.

"Amwali inu, mukanatsala. Maondo anuwo mukuwadziwa."

"Sindikukwerera inu ayi," anatero a Teasie, maso ali kutsogolo. "Anga ali awiri. Mapasa. Mu 1971."

A Nuala anaima chilili.

"Teasie! Zaka zonsezi tikutsuka makapu limodzi?"

"Nanga tikanayambira pati? Tinkatanganidwa ndi kunena masikono a mnzathu Philomena kuti ungagumule nawo khoma."

Anaseka onse awiri, misozi ikusakanikirana ndi mvula. A Nuala anawakolowekera mkono. Apo m'pamene anacheuka, n'kuona mzere wa maambulera ukukwera m'munda, wautali kufikira pamsewu. Munali nkhalamba zogwirana manja, munali ana ochokera ku Dublin atavala nsapato zosayenera matope, akufunsa amayi awo monong'ona kuti kodi tikupita kuti.

A Malachy anali atatchetcha udzu wonse ndi kuchotsa waya mbali imodzi. Anaima potero ndi galu wawo, atavala suti yawo ya pamaliro.

Bambo Cawley sanalalikire. Anayang'ana timiyala tija nthawi yaitali, mvula ikutsika pamagalasi awo.

"Tachedwa kubwera kuno," anatero. "Ana awa anali a Mulungu kuyambira tsiku loyamba, sanadikire ife. Koma makolo awo tinawasiya okha. Pepani."

Anawaza madzi pa mwala uliwonse, akuwerama kufunafuna tomwe tinamira m'nthaka. Kenaka anati amene ali ndi dzina alitchule. Kumbuyo kunamveka mawu a bambo wina wokalamba, a Packie Loftus: "Sabina. Mlongo wanga." Wina anatsatira, kenaka wina. Mayi wina anati, "Sitinamupatse dzina, koma anali wamkazi." A Teasie anati, "Eithne ndi Rose."

A Nuala anali atalisunga dzinalo m'kamwa zaka zoposa makumi asanu, ngakhale a Dinny sanalimvepo. Ankaopa kuti likana kutuluka. Koma linatuluka bwinobwino, ngati akuitana mwana kuti adzadye.

"Colm. Colm Hession."

Potsika, a Teasie anafunsa a Malachy ngati akudziwa pomwe panali mapasa awo. Nkhalambayo inapukusa mutu. Miyezi yomwe mapasawo anaikidwa inali ku Mangalande, ikugwira ntchito yomanga misewu. A Teasie anangogwedeza mutu, koma a Nuala anamva mkono wa mnzawoyo ukulemera.

"Mu October tidzabwera ndi mbewu za maluwa," anatero a Nuala. "Tidzabzala ponseponse, osasiya mwala ndi umodzi. Awiri anuwo adzakhala momwemo."

"Ndi maondo ati?"

"A Malachy adzakumba. Ife tizidzangoloza."

"Ndamva ndithu," anatero a Malachy kumbuyo. "Munthu ukangotsegula chipata kamodzi, wagwa m'komiti."

Ku holo tiyi anaperewera, mpaka anatereka kawiri. A Nuala sanatsale kutsuka makapu. Anafika kunyumba dzuwa litatuluka m'mitambo, anavula jombo, n'kukhala pampando wa pafupi ndi zenera. Kenaka anatenga foni n'kuimbira mwana wawo wamkazi amene ankakhala ku Leeds, ku Mangalande.

"Amayi! Zayenda bwanji za kumanda? Munawaikira maluwa adadi?"

"Ndinawaikira. Orla, uli ndi nthawi? Zimitsa kaye zapamotozo, ukhale pansi. Iwe si woyamba kubadwa m'nyumba muno. Unali ndi mlongo wako."