Dzina la Mayi Miti pa Kalata ya Nyukiliya

Lamlungu madzulo, banja la a Miti linali pakhonde ku Nabvutika likumwa tiyi wa folo koloko. Madzi anawiritsidwa pambaula chifukwa magetsi anali atazima kuyambira m'mamawa. A Bizwell Miti, mphunzitsi wopuma pantchito, anakhala pampando wawo wansungwi. Akazi awo, a Lenia, anali pamphasa akusenda mtedza umene unachokera kwa achibale ku Chipangali. Mwana wawo Tamiwe, yemwenso ndi mphunzitsi, ankachonga makope a ana.

A Miti anali ndi kalata m'manja, ndipo ankaoneka kuti akudikira wina awafunse. Poona kuti palibe akufunsa, anayamba okha.

Mlungu umenewo khansala analengeza kuti pali anthu amene akusonkhanitsa maganizo a nzika pa nkhani ya magetsi a m'tsogolo. Funso lalikulu linali lakuti, kodi dziko limange malo opangira magetsi a nyukiliya kapena ayi? Chigawo chilichonse chinapemphedwa kupereka kalata ku ofesi ya khansala Lolemba m'mawa. M'chigawo chawo ntchitoyo inagwera a Miti, popeza akhala mlembi wa mpingo kwa zaka makumi awiri.

Anavala magalasi n'kuwerenga mokweza. Kalatayo inati anthu atopa ndi mdima, mvula ikuvuta, madzi a m'damu la magetsi la Kariba amatsika, ndipo mitengo ya m'mapiri ikutha ndi makala. Motero onse agwirizana ndi mtima umodzi kuti magetsi a nyukiliya abwere msanga. Kenaka anawerenga mayina: Bambo ndi Mayi Daka, Bambo ndi Mayi Lungu, Bambo ndi Mayi Njobvu, mpaka kukafika kwa Bambo ndi Mayi Miti.

A Lenia anasiya kusenda mtedza.

"Tabwerezani pomalizapo, atate ake Tamiwe."

"Bambo ndi Mayi Miti."

"Mayi Miti wake uti? Kapena mwakwatira wina osandiuza?"

Tamiwe anabisa nkhope m'kope kuti asaoneke akuseka. A Miti anafotokoza modekha kuti umu ndi mmene amalembera nthawi zonse m'buku la mpingo. Pa ukwati, pa maliro, pa zopereka za masika, mwamuna ndi mkazi amalowa mzere umodzi, ndipo kwa zaka makumi atatu ndi zinayi a Lenia sanadandaulepo.

"Zimenezo ndinkagwirizana nazo," anayankha a Lenia. "Izi simunandifunse. Dzina langa mulichotse."

A Miti anavula magalasi. Kalata yopanda dzina la mkazi wa mlembi aliyense angaione msanga, ndipo anthu angayambe kunena kuti kwa aphunzitsi sikuli mtendere. Koma kulisiya dzinalo m'kalatamo mwiniwake atakana kunali kulemba bodza, chinthu chimene iwo ankalanga nacho ana kusukulu. Ndipo kalatayo inkafunika mawa lomwelo.

Tamiwe anati bwanji aitane Hazel wa kuseri kwa mpanda, mkazi wa a Lungu. Hazel amagwira ntchito kuchipatala, m'chipinda chojambulira mafupa ndi zifuwa, ndipo za cheza choopsa, chonga chimene nyukiliya imatulutsa, anaziphunzira kukoleji.

Hazel anabwera, napereka moni mogwada, n'kukhala pamphasa pafupi ndi a Lenia. Anamuthirira tiyi. Iye anapempha kuti amve kaye mantha a amayi.

A Lenia ananena zimene anamva pamjigo: akuti nyukiliya ndi bomba, ndipo ikafika m'dziko akazi amasiya kubereka. Hazel sanaseke. Anafotokoza kuti bomba ndi malo opangira magetsi ndi zinthu zosiyana. Pamalo opangira magetsi pamakhala mwala wotchedwa yureniyamu umene umatulutsa kutentha kwakukulu. Kutenthako kumawiritsa madzi, nthunzi yake n'kumazunguza makina. Sipatuluka utsi wonga wa malasha kapena dizilo, umene ukutenthetsa dziko ndi kusokoneza mvula. Anatinso makina ake a kuchipatala si a nyukiliya, koma cheza chake n'chapachibale, ndipo iye amadziteteza ndi chovala cha mtovu komanso kachipangizo koyeza cheza chimene walandira.

"Ndagwira ntchito imeneyi zaka zisanu ndi zinayi, amama. Mapasa aja mumathamangitsa mumtengo wanu wa mango ndinabereka ndili pantchito yomweyo."

A Miti anawongola msana nayang'ana akazi awo ngati munthu amene wapambana mlandu. Koma Hazel anatembenukira kwa iwo n'kufunsa kuti akuganiza kuti magetsiwo angayake liti, boma litavomera lero.

"Tinene kuti chaka chamawa," anatero a Miti. "Mwina chinacho."

Hazel anawauza kuti m'mayiko ambiri kumanga malo otere kumatenga zaka khumi kapena kuposerapo, ndipo kumafuna chuma chambiri ndi akatswiri ophunzitsidwa bwino. Ngozi sizichitika kawirikawiri, koma kumene zinachitika, anthu anasamutsidwa m'midzi yawo kwa zaka zambiri.

"Zaka khumi," anatero a Lenia. "Malaiti amenewo mudzawayatsa ndi ndodo yanu yoyendera."

Nawonso a Miti anaseka pang'ono. Kenaka a Lenia anafunsa funso limene linali pansi pa mtima wawo. Anati chilichonse choyaka chimasiya phulusa. Nanga phulusa la mwala umenewo lidzatayidwa kuti? Iwo anakulira kumudzi ku Madzimoyo, ndipo amadziwa kuti zinthu zimene a m'tauni sazifuna zimakathera kuminda ya anthu.

Hazel anayankha kuti funso limenelo ndi lomwe limavutitsa ngakhale akatswiri. Zotsala za nyukiliya sizichuluka, koma zina zimakhala zoopsa kwa zaka zikwizikwi, motero zimafuna malo otetezedwa ndi anthu ozilondera mibadwo ndi mibadwo. Anawonjezera kuti makinawo amafunanso madzi ambiri owaziziritsa. A Lenia anafunsa kuti madziwo adzachokera mumtsinje uti chaka cha chilala. A Miti anatenga cholembera mwakachetechete n'kulemba funsolo kuseri kwa kalata.

Atatha kulemba anafunsa Hazel kuti iye ali mbali iti. Hazel anati sanasankhebe. Tsiku limene magetsi azima odwala ali pamzere, amafuna nyukiliya. Akaganiza za zotsalazo, amaona kuti mwina dziko liyambe lalimbikira magetsi a dzuwa. Kenaka anapempha kuona kalatayo, ndipo chala chake chinaima pa mzere wachiwiri.

"Atate, kani inenso ndavomera kale?"

A Miti anavomera kuti anafunsa azibambo okha, panja pa tchalitchi mapemphero atatha, pamene azimayi anali ku msonkhano wawo. Anati ankaopa kuti kalata yokhala ndi maganizo awiri ichititsa manyazi chigawo chonse.

"Anthu aja sakufuna kudziwa ngati timakondana, atate," anatero Hazel mwaulemu. "Akufuna kudziwa zimene tikuganiza. Mukalemba kuti tonse tavomera, funso la amama lidzathera pamphasa pano."

A Miti anapempha Tamiwe mapepala atatu oyera, n'kufunsa akazi awo ngati angawaperekeze dzuwa lisanalowe. A Lenia anakutumula makoko a mtedza pachitenje nanyamuka.

Anayenda khomo ndi khomo. A Lenia ankalankhula ndi azimayi, a Miti ankalemba, ndipo aliyense ankasaina yekha. Zimene anapeza zinawadabwitsa. Mayi Daka ankaifuna nyukiliya kuposa a Miti omwe, chifukwa nsomba zawo zogulitsa zinkawola mufiriji. Bambo Daka anaulula kuti iwo sakuifuna, koma anavomera chifukwa a Miti anawaphunzitsa giredi seveni ndipo mpaka lero sadziwa kuwakanira. Mayi Sakala, amene amuna awo anamwalira, sanali m'kalata yoyamba n'komwe, popeza panalibe bambo womufunsa panja pa tchalitchi. Iwo anafuna kudziwa ngati magetsiwo adzafike m'makomboni ndi m'midzi, kapena adzangopita kumigodi. A Miti anapepesa kwa mayiwo atavula chipewa.

Kalata yatsopano inali ndi mapepala atatu: la ovomera, la okana, ndi la ofuna mayankho kaye, pamodzi ndi mafunso awo asanu ndi awiri. A Miti anasaina pa loyamba. A Lenia anasaina pa lachitatu, pang'onopang'ono, ndi zilembo zikuluzikulu zimene anaphunzira kusukulu ya mishoni.

Lolemba m'mawa anapita limodzi ku ofesi ya khansala. Mayi wolandira makalata anawerenga mapepala onse atatu. Anati makalata ambiri amene afika ali ndi mawu amodzi okha, akuti tavomera kapena takana, koma iyi ili ndi mafunso amene akatswiri adzayenera kuyankha pamaso pa anthu pa msonkhano wa mwezi wamawa. Anapempha kuti a Lenia adzafunse okha funso la zotsala zija.

Phunziro lake ndi ili. Nkhani ya magetsi a nyukiliya ili ndi ubwino wake ndi zovuta zake, ndipo imakhudza ife ndi zidzukulu zathu. Tisavomere kapena kukana chifukwa cha zomva pamjigo, kapena chifukwa choopa kukhumudwitsa munthu amene timamulemekeza. Tifunse anthu odziwa, timve mbali zonse. Pamene boma kapena bungwe lipempha maganizo athu, munthu aliyense wamkulu, mwamuna kapena mkazi, ali ndi ufulu wolankhula ndi kusaina yekha. Kusiyana maganizo m'nyumba si kusakondana, ndipo funso labwino limathandiza dziko kuposa mayina ambiri a anthu osafunsidwa.

Pobwerera kunyumba a Miti ankayenda pang'onopang'ono chifukwa cha bondo la akazi awo. Ankanenabe kuti nyukiliya ndi yabwino, a Lenia ankanenabe kuti aone kaye mayankho. Atafika, anapeza tomato wa kuseri kwa nyumba atafota ndi dzuwa. A Miti anapachika jekete pamsomali natenga ndowa.

"Mukuthira madzi ambiri, atate ake Tamiwe."

"Ndiye ndithire bwanji, amake Tamiwe?"

A Lenia anawalozera patsinde, ndipo iwo anathira pamenepo.